CHIKALATA CHA BUNGWE LA MAKOLO NDI APHUNZITSI PA NKHANI YA ANA A PULAYIMALE KUGWIRA NTCHITO ZOTUMIKIRA MUDZI

Kwa makolo ndi onse olera ana, aphunzitsi akulu ndi aphunzitsi onse, makomiti oyendetsa sukulu, magulu a amayi, mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komanso alangizi a maphunziro a m'zoni yathu.

1. CHIMENE CHATILEMBETSA

Ife a Bungwe la Makolo ndi Aphunzitsi la sukulu za pulayimale za m'zoni yathu tidakhala pansi pa msonkhano waukulu, tidamva mbali zonse, ndipo tagwirizana kulemba chikalata chino kuti aliyense adziwe pamene taima.

Nkhaniyi yagawa makolo pawiri. Ena akuti mwana amadzuka m'mamawa kukaphunzira kuwerenga ndi kulemba, osati kukasesa pamsika, choncho ntchito zonse za manja zithetsedwe. Ena akuti ana a lero akukula manja ali lende, sadziwa kugwira khasu, ndipo amapitirira agogo atasenza mtolo wa nkhuni osawalandira. Onsewa ali ndi mfundo.

Madandaulo amene tamva si nkhambakamwa. M'sukulu zina ana akhala akutumidwa kukapalira chimanga cha aphunzitsi, kusenza mchenga kuchokera kudambo nthawi ya masamu, ndi kuumba njerwa dzuwa lili paliwombo. Ena amabwezedwa pakhomo la kalasi chifukwa sanabweretse nkhuni kapena tsekera. Zonsezi zimachitika m'dzina la chitukuko. Sititchula sukulu kapena munthu, chifukwa cholinga chathu ndi kukonza, osati kuchititsa wina manyazi.

Chigamulo chathu nachi: ana apitirize kutumikira mudzi wawo, ndipo ntchito zotere zichuluke, koma mwana azigwira monga wophunzira, osati monga waganyu wosalipidwa.

2. DIMA NDI THANGATA

Kuthandizana pa ntchito sitinaphunzire kwa alendo. Makolo athu adali ndi dima. Mwini munda ankafulula thobwa kapena mowa n'kuitana anzake; anthu ankabwera ndi makasu awo, kulima akuimba, ndipo tsiku lina gulu lomwelo linkapita kumunda kwa wina. Mwini munda sankakhala pamthunzi n'kumaloza ndi chala, ankakhala pamzere womwewo. Ana nawo ankapezekapo, kutunga madzi akumwa ndi kuwunjika zinyalala, ntchito yolingana ndi msinkhu wawo, pamaso pa akuluakulu.

Mawu oti thangata nawonso poyamba adali abwino, ankatanthauza kuthandizana. Atafika eni maesiteti m'madera a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, adatenga mawu omwewo n'kuwaveka pa ntchito yokakamiza: munthu ankalima fodya kapena thonje la mzungu kuti aloledwe kukhala pa nthaka imene makolo ake adaipeza yopanda mwini. Nkhanza za thangata ku esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero ndi chimodzi mwa zimene zidadzutsa M'busa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Ntchito idali yomweyo ya khasu, koma dima lidali la eni ake, pamene thangata ankapindulira wina.

Ambiri mwa ife agogo ndi makolo tidagwirako Youth Week m'nthawi ya Dr Kamuzu Banda. Tidalambula misewu, tidakonza milatho, tidamanga nyumba za aphunzitsi, ndipo zina mwa izo zikadalipo. Tikukumbukiranso kuti kukana kudalibe. Ndale za zipani zambiri zitafika pambuyo pa referendamu ya 1993, anthu adataya kukakamiza kuja, koma pamodzi nako ambiri adatayanso mtima wodzipereka. Lero mfumu ikaitana anthu kukakonza mjigo umene iwo omwe amamwapo, funso loyamba limakhala lakuti pali kangachepe kodi. Ana athu akumva funso limeneli, ndipo akuliphunzira.

Sitikufuna kubwerera ku thangata kapena ku ntchito yogwira ndi mantha. Sitikufunanso kulera m'badwo wosanyamula tsache popanda alawansi. Tikufuna dima. Ndiye ntchito iliyonse imene ana apatsidwa iziyesedwa ndi mafunso atatu. Kodi apindule ndani, gulu kapena munthu mmodzi? Kodi mwana aphunzirapo chiyani? Kodi wamkulu amene watuma anawo ali nawo pomwepo, chida chake chili m'manja?

3. ZIMENE MALAMULO AKUNENA

Gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza mwana ku ntchito kapena chilango chimene chingamuike pangozi, kusokoneza maphunziro ake kapena kuwononga thanzi lake. Ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Lamulo lolembera anthu ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu ya pulayimale. Wotulutsa mwana m'kalasi kuti akasenze mchenga akulimbana ndi malamulo amenewa, ngakhale mchengawo ukhale womangira kalasi lomwelo.

Koma malamulo sanathere pa ufulu wokha. Pangano la mayiko a mu Africa lokhudza ufulu ndi chisamaliro cha mwana, la 1990, m'ndime 31 limati mwana ali ndi udindo ku banja lake ndi kwa anthu amene akukhala nawo, molingana ndi msinkhu ndi mphamvu zake. Kholo loletsa mwana kuthirira mtengo wa pasukulu pomati ndi ufulu wake, lawerenga theka lokha.

Tikudziwa kumene vutoli lidachokera. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu za pulayimale chidakwera kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi, zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi sizidakwanire, ndipo mpaka lero kuli ana ophunzirira pansi pa mtengo. Komiti ikasowa ndalama ndipo makolo akakana kubwera, manja apafupi amakhala a ana. Tikumvetsa, koma sitikuvomereza. Kumanga sukulu ndi ntchito ya boma ndi ya ife akuluakulu.

4. CHIFUKWA CHAKE TIKUTI NTCHITOZI ZIPITIRIRE

Mitengo. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko limakhala pa nyengo yobzala mitengo, ndipo ana a sukulu ndiwo amadzaza mizere pa miyambo yotsegulira nyengoyi. Alendo akachoka, mbande zimatsala ndi mbuzi, chiswe ndi moto wolusa. Mwana amene wangopatsidwa mbande kuti aikwirire pamaso pa kamera sanaphunzire kanthu. Waphunzira ndi amene adatola yekha njere za msangu kapena m'bawa, adasakaniza dothi, mchenga ndi manyowa, adathira m'machubu, adathirira nazale m'chilimwe chonse, adadikira mvula kuti ikhazikike, adabzala, adatchinga ndi minga, napalira udzu kuti moto usafike. Mwana wotere amadziwa chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pa msangu: mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kusiya dzuwa ndi chonde kwa mbewu. Akawerenga mbande zimene adabzala ndi zimene zapulumuka, masamu alowa. Akalemba m'kope kutalika kwa mtengo mwezi ndi mwezi, sayansi yalowa.

Tidaona mu Malichi 2023 zimene namondwe wa Freddy adachita ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 500,000 adasiya nyumba zawo, ndipo ambiri adagona m'makalasi. Mitengo siletsa mvula, koma phiri lometedwa siligwira madzi kapena dothi. Ana amene ali mu Sitandade 4 lero ndiwo adzasankhe mawa kuotcha makala kapena kusiya phiri livale.

Ukhondo. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Mpondagiya wosambira m'manja safuna ndalama zambiri: kagaloni, chingwe, timitengo, sopo kapena phulusa. Mwana amene wamanga mpondagiya pakhomo pa chimbudzi cha sukulu amakamanganso kwawo, ndipo uthenga umene alangizi a zaumoyo akadaunena kangapo umalowa m'nyumba kudzera mwa iye. Boma lidakhazikitsa mu Novembala 2020 tsiku loyeretsa malo, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ana angathe kutengapo mbali, bola akuluakulu asaliyese tsiku loti ana azisesa zimene iwo adataya.

Agogo. M'midzi mwathu muli okalamba amene ana awo ali ku Joni, m'tauni kapena kumanda. Ena mwa iwo amanenedwa ufiti, ndipo m'dziko muno okalamba amenyedwapo ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ngakhale lamulo la 1911 limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Kawirikawiri mphekeserazi zimayambira pakamwa pa ana amene adaopsezedwa. Mwana amene watungira agogo madzi, wasesa pabwalo pawo, nakhala pamphasa kumva nthano ndi mayina akale a mitsinje ya kwawo, sadzatola mwala tsiku limene gulu lidzafuule. Pa ntchito zonse zimene tatchula, iyi ndi imene tikuilemekeza koposa.

Chitsanzo cha kudzipereka anawa amachiona kale m'mawa uliwonse. Kumene kuli phala la pasukulu, monga la Mary's Meals imene idayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, ophika ndi amayi ndi abambo a m'mudzi odzuka kusanache popanda malipiro. Ana auzidwe kuti phala limene akumwa ndi thukuta la munthu wodzipereka, ndipo kupatsa n'kuika.

5. MFUNDO ZIMENE TAMANGA

(a) Nthawi. Ntchito yotumikira mudzi isadye phunziro lililonse. Ichitike ana ataweruka kapena pa nthawi ya makalabu, osapitirira ola limodzi pa sabata, ndipo ana afike kwawo dzuwa lisanapendeke. Pasakhale ntchito dzuwa lili paliwombo, mvula ikugwa, kapena ana asanadye kanthu. A Sitandade 8 apumule pa teremu imene akulemba mayeso a MANEB.

(b) Msinkhu. A Sitandade 1 ndi 2 asatuluke pabwalo la sukulu. Ntchito yawo ndi kutola mapepala ndi kuthirira maluwa ndi tizitini. A Sitandade 3 mpaka 5 asamale nazale, dimba la sukulu, nkhuti ya manyowa ndi mipondagiya. A Sitandade 6 mpaka 8 angathe kutuluka: kubzala mitengo ndi udzu wa vetiva m'malo a mudzi, kusesa pamjigo, kuchezera okalamba, kuchita masewero a ukhondo pabwalo la mfumu, ndi kuthandiza ang'ono awo a Sitandade 1 ndi 2 kuwerenga.

(c) Zoletsedwa kotheratu. Kuumba, kusenza kapena kuotcha njerwa, kuswa miyala, kusenza mchenga, kukumba zimbudzi kapena zitsime, kukwera padenga, kugwetsa mitengo, kupopera mankhwala, kuthyola, kusoka kapena kusankha fodya, kulowa m'ngalande kapena m'madzi osayenda momwe muli likodzo, kutola zinyalala za kuchipatala, magalasi osweka kapena nyama zakufa, kugwira ntchito m'mbali mwa msewu wa galimoto. Chikwanje ndi nkhwangwa zikhale m'manja mwa akuluakulu okha.

(d) Wopindula. Mwana asagwire ntchito m'munda, m'dimba, m'khola kapena pakhomo pa mphunzitsi, mfumu, m'busa, shehe kapena membala wa komiti, ngakhale wa bungwe lino. Pakhomo pokha pamene ana angathandize ndi pa okalamba, odwala kapena aulumali opanda owasamala, amene mfumu ndi gulu la amayi asankha poyera, eni akewo atavomera.

(e) Ntchito si chibalo. Mwana wochedwa kapena wolongolola m'kalasi asapatsidwe khasu monga chilango. Tikamalanga ndi khasu Lolemba, sitingauze mwana yemweyo Lachisanu kuti khasu ndi ulemu. Aphunzitsi akulu akhale pansi ndi komiti apeze njira zina zolangira.

(f) Kufuna kwa mwana ndi kholo. Pachiyambi pa teremu makolo auzidwe ntchito zimene zakonzedwa. Ntchito ya kunja kwa sukulu ifuna chilolezo cha kholo. Mwana wokana, wodwala kapena wopanda chida asamenyedwe, asabwezedwe, asalipitsidwe, ndipo asachotseredwe malikesi. Kusesa kalasi lake ndi kusamala pabwalo la sukulu ndi udindo wa wophunzira aliyense ndipo kupitirira monga kale.

(g) Ana asankhe nawo. Kalasi lililonse kuyambira Sitandade 3 liyende m'mudzi ndi aphunzitsi awo, lione chimene chikuvuta, likambirane, lisankhe ntchito imodzi ya teremuyo. Akamaliza alembe chimangirizo kapena ajambule zimene achita ndi zimene zakanika. Kumene kuli makalabu a zachilengedwe, a Scout, a Girl Guide kapena a Red Cross, ntchitozi zidutse m'menemo.

(h) Oyang'anira. Gulu lililonse lotuluka likhale ndi akuluakulu osachepera awiri: mphunzitsi ndi kholo, ndipo mmodzi akhale mayi. Mwana asalowe yekha m'nyumba ya munthu, asatumidwe yekha kudambo kapena kuthengo. Mayina aitanidwe ponyamuka ndi pobwerera. Madzi akumwa, sopo ndi bokosi la mankhwala a mabala zikhalepo.

(i) Anyamata ndi atsikana. Tsache ndi ndowa si za atsikana okha, wilibala ndi khasu si za anyamata okha. Ntchito zizisinthana. Mtsikana amene akudikiridwa ndi mtondo ndi mphika kunyumba asachedwetsedwe kuposa anzake.

(j) Ana aulumali asasiyidwe m'kalasi ngati alendo. Apatsidwe gawo lawo: kusunga kaundula wa mbande, kuthira dothi m'machubu, kutsogolera nyimbo kapena kuwerengera ang'onoang'ono. Ana achialubino agwire ntchito pamthunzi, avale chipewa ndi malaya aatali manja, ndipo asayende okha popita kapena pobwerera.

(k) Zokolola. Ndiwo, zipatso, mbande kapena chimanga cha m'munda wa sukulu ndi za ana. Zilowe m'phala, kapena zikagulitsidwa ndalama zake zilembedwe m'buku limene liziwerengedwa pamsonkhano wa makolo, ana oimira makalasi ali pomwepo.

(l) Ndale ndi zithunzi. Ana asavekedwe nsalu kapena malaya a chipani, asandandalitsidwe pamsewu kudikira alendo, asatulutsidwe m'kalasi kukavinira msonkhano. Bungwe kapena kampani iliyonse yofuna kugwira ntchito ndi ana idutse kwa aphunzitsi akulu ndi komiti, ndipo isaike nkhope za ana pa Facebook kapena m'nyuzipepala makolo asanalole.

6. PEMPHO LATHU

Kwa makolo anzathu: njerwa, mchenga ndi zimbudzi tazichotsa m'manja mwa ana, ndiye kuti tazibweza m'manja mwathu. Mutu umodzi susenza denga. Belu la chitukuko likalira tibwere tokha, tisatumize mwana m'malo mwathu. Kholo losabwera ku ntchito ya sukulu lilibe pakamwa podandaulira kuti mwana wake ndi waulesi.

Kwa aphunzitsi athu: tikudziwa kuti ena mwa inu mukuphunzitsa ana oposa 100 m'kalasi limodzi, ndipo chikalata chino chikuwonjezera katundu. N'chifukwa chake tikulonjeza kholo limodzi pa gulu lililonse. Tikupempha kuti ntchitozi muzilumikize ku maphunziro a ulimi, sayansi, masamu ndi Chichewa, kuti ola limenelo lisakhale lotayika.

Kwa mafumu athu, a Gulupu ndi a Nyakwawa: tikupempha malo a nkhalango ya sukulu okhala ndi malire odziwika, ndi lamulo la m'mudzi lokhudza mbuzi ndi ng'ombe zolowa m'mbande za ana komanso osaka mbewa otentha tchire. Mwana akaona mtengo wake wadyedwa ndipo palibe wafunsidwa, waphunzira kuti kudzipereka n'kupusa.

Kwa alangizi a maphunziro, a zankhalango, a zaulimi ndi a zaumoyo: tithandizeni ndi njere, machubu ndi upangiri nthawi ya chilimwe pamene nazale imayamba, osati mvula itagwa kale. Poyendera sukulu muzifunsanso ana eni ake ntchito zimene akugwira.

Kwa Khonsolo ndi Unduna wa Zamaphunziro: ndalama zotukulira sukulu zizifika pa nthawi yake, chifukwa zikachedwa ndi pamene makomiti amayamba kuyang'ana ana.

Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: werengani chikalata chino pamapemphero, ndipo lankhulani mosabisa za okalamba amene akunamiziridwa.

7. KOKADANDAULA

Kholo kapena mwana woona kuti mfundozi zaphwanyidwa auze aphunzitsi akulu, gulu la amayi kapena membala aliyense wa bungwe lino. Nkhani ikakanika pasukulu ipite kwa alangizi a zoni, kenako ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu. Pamene mwana wavulala, wamenyedwa kapena wachitidwa zachipongwe, musadikire msonkhano: pitani naye kuchipatala, dziwitsani oteteza ana a ku ofesi yosamalira anthu kapena nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mwana wodandaula asalangidwe chifukwa cholankhula, ndipo dzina lake lisungidwe.

8. MAWU OTSIRIZA

Mfundozi ziyamba kugwira ntchito teremu ikubwerayi, ndipo tidzaziunikanso pakatha chaka. Pa msonkhano umenewo sitidzafunsa kuti sukulu idabzala mitengo ingati. Tidzayenda ndi ana eni ake kukawerenga imene yapulumuka chilimwe, tidzayang'ana ngati m'mipondagiya muli madzi, ndipo tidzapita kwa agogo aja kukamva ngati anawo amawapatsa moni akakumana panjira tsiku lopanda aphunzitsi. Tidzawerenganso kaundula wa makolo amene adabwera ndi makasu awo. Mayina akapezeka ochepa, olephera adzakhala ife, osati ana.

M'mera mpoyamba. Anawa tawaitanira ku dima. Tiyeni tikawapeze pamzere.

M'malo mwa Bungwe la Makolo ndi Aphunzitsi,

Wapampando
Mlembi
Woimira Magulu a Amayi
Woimira Aphunzitsi